Safunsa Anadya Phula: Kodi timer ya purosesa imagunda kangati pa sekondi?

Makalata ambiri a mwezi uno achokera kwa amene akulemba kernel, bootloader kapena firmware, mapulogalamu oyendetsa hardware mwachindunji, ndipo dandaulo lawo ndi lofanana: counter akuiona ikuyenda, koma sakudziwa kuti sekondi imodzi imakwana ikagunda kangati. Tasankhapo makalata asanu ndi atatu, ndipo ena tawafupikitsa.

Funso: Zikomo akatswiri. Ndikulemba kernel pa kompyuta ya Intel Core i7-6700K. Pa bokosi pake analemba 4.0 GHz, ndiye ndimawerenga RDTSC n'kugawa ndi 4,000,000,000 kuti ndipeze masekondi. Wotchi yanga ikutsogola ndi mphindi pafupifupi zitatu pa tsiku. Ndalakwitsa pati?

Yankho: Masamu anu alibe vuto. Yakupusitsani ndi nambala ya pa bokosiyo.

Anthu amasokoneza zinthu ziwiri. Pali liwiro la core, mbali ya purosesa yochita malangizo, limene limakwera ntchito ikachuluka n'kutsika core ikasowa chochita. Ndiye pali liwiro la TSC (Time Stamp Counter), counter ya ma bit 64 ya mu purosesa imene lamulo la RDTSC limawerenga. TSC inabwera ndi Pentium mu 1993, ndipo masiku amenewo ziwirizi zinkayendera limodzi. Mapurosesa atayamba kusinthasintha liwiro pofuna kusunga magetsi, TSC nayo inkasinthira limodzi, moti wotchi yodalira iyo inkanama. Kenako opanga anaipatula kuti iziyenda payokha. Kuti mudziwe ngati yanu ndi yotere, itanani CPUID, lamulo lofunsira purosesa za iyo yomwe, mutaika 0x80000007 mu register ya EAX, muone bit 8 ya register ya EDX. Ikakhala 1, TSC imayenda pa liwiro limodzi kaya core ikuthamanga, ikukwawa kapena yagona. Ikakhala 0, musamangirepo wotchi.

Liwirolo funsani ku leaf 0x15 ya CPUID (leaf ndi nambala imene mumaika mu EAX poitana CPUID). EAX imakupatsani nambala yogawira, EBX yochulukitsira, ECX liwiro la crystal, kachipangizo kopereka kugunda koyambira, mu Hz. Chulukitsani ECX ndi EBX, mugawe ndi EAX. Pa purosesa yanuyo EAX ndi 2, EBX ndi 334, ndipo crystal ndi ya 24 MHz. Yankho lake ndi 4,008 MHz, osati 4,000. Chifukwa chake n'chakuti 4,000 sagawika bwino ndi 24, ndiye anatenga 167, nambala yathunthu yoyandikira. Kusiyana kwa 8 MHz ndi magawo awiri pa 1,000, ndipo pa masekondi 86,400 a tsiku limodzi zimakwana masekondi 173. Mphindi zanu zitatu zija ndi zimenezo.

Mukayesa mupeza kuti ECX yanu ndi 0. Mapurosesa a Skylake, monga yanuyi, ndi a Kaby Lake amanena EAX ndi EBX koma za crystal amakhala duu. Pamenepo pitani ku leaf 0x16, imene EAX yake imanena liwiro la pa bokosi mu MHz, n'kuwerengera chobwerera: 4,000 kuchulukitsa ndi 2, kugawa ndi 334, zikupereka 23.95 MHz. Crystal ya 23.95 kulibe. Zimene Intel yagwiritsapo ntchito ndi monga 19.2, 24, 25 ndi 38.4 MHz, ndiye tengani yoyandikira, kenako mutsimikize poyeza monga tafotokozera pa funso lotsatira.

Musanaitane leaf iliyonse, itanani kaye leaf 0 muone nambala yaikulu imene purosesayo imadziwa. Purosesa ya Intel mukaifunsa leaf yoposa pamenepo sikana ayi, imangobwereza zimene zili mu leaf yake yomaliza, inu n'kumaziwerenga ngati liwiro la crystal. Pa Intel zakale zopanda leaf 0x15 pali register yapadera ya purosesa, MSR 0xCE: ma bit 15 mpaka 8 ndi nambala yochulukitsa ndi 100 MHz kuyambira pa Sandy Bridge, kapena 133.33 MHz pa Nehalem ndi Westmere.

Funso: Kompyuta yanga ndi ya AMD ndipo leaf 0x15 sikundipatsa kanthu. Ndamva kuti liwiro la TSC lingathe kuyezedwa. Kodi amayeza bwanji, nanga ndingadziwe bwanji kuti ndayeza molondola?

Yankho: Mumafunika wotchi ina imene liwiro lake n'lodziwikiratu, n'kuwerenga kuti TSC yayenda mtunda wanji pamene inzakeyo yayenda mtunda wodziwika. Pa PC pali mawotchi atatu oterewa.

Wakale kwambiri ndi PIT, chip ya 8253 imene kenako inakhala 8254. Imagunda ka 1,193,182 pa sekondi. Nambala yachilendoyi inachokera ku IBM PC ya mu 1981, imene inali ndi crystal imodzi ya 14.31818 MHz, yomwe ndi liwiro la chizindikiro cha mitundu pa TV za NTSC, 3.579545 MHz, kuchulukitsa kanayi. Ankaigawa ndi 3 kuti purosesa ipeze 4.77 MHz, ndi 12 kuti PIT ipeze yake. Zaka zoposa 40 zadutsa, nambalayo ili pomwepo.

Gwiritsani ntchito channel 2, chifukwa ndi imene mungathe kuiona kuti yamaliza popanda interrupt, chizindikiro chodukiza purosesa pa ntchito yake. Zimitsani ma interrupt ndi CLI. Werengani port 0x61, mufufute bit 1 kuti sipika isalire, muike bit 0 kuti channel itseguke, n'kulembanso pa port yomweyo. Lembani 0xB0 pa port 0x43. Ndiko kuuza PIT kuti mukufuna channel 2, mode 0, ndipo nambala ibwera m'ma byte awiri. Pa 10 ms nambalayo ndi 11,932, yomwe ndi 0x2E9C, ndiye pa port 0x42 mulembe 0x9C kenako 0x2E. Kuwerenga kumayamba byte yachiwiri ikangolowa, choncho RDTSC yoyamba ibwere nthawi yomweyo. Zungulirani mukuwerenga port 0x61 mpaka bit 5 itakhala 1, muwerengenso RDTSC. Kusiyana kwa nambala ziwirizo muchulukitse ndi 1,193,182 n'kugawa ndi 11,932.

Pamenepa ndi pamene ambiri amadya mfulumira, n'kutenga yankho loyamba ngati lomaliza. Kuwerenga port kamodzi kumadya pafupifupi microsecond imodzi, ndiye simungadziwe nthawi yeniyeni imene bit 5 inasintha kuposa pamenepo. Microsecond imodzi pa 10 ms ndi magawo 100 pa miliyoni, ndipo pa tsiku ndi masekondi 8.6. Mukayeza kwa 50 ms, pogwiritsa ntchito 59,659 kapena kuti 0xE90B, kulakwitsako kumatsika kasanu. Simungatalikitse kwambiri kuposa apo, poti counter ya PIT ndi ya ma bit 16 ndipo imatha pa 54.9 ms.

Mdani wamkulu ndi SMI, interrupt ya firmware imene CLI siitseka ndipo kernel siiona n'komwe. Ikagwa pakati pa kuyeza sipawonongeka kanthu, chifukwa TSC ndi PIT zonse zimapitiriza kuyenda. Vuto limakhala ikagwa m'mphepete, mwachitsanzo bit 5 itasintha kale koma RDTSC yachiwiri isanachitike. Zikatero TSC imaoneka ngati yothamanga kuposa mmene ilili. Mankhwala ake ndi kuwerenga TSC ulendo uliwonse wa loop n'kusunga ulendo waufupi kwambiri ndi wautali kwambiri. Linux, mu arch/x86/kernel/tsc.c, imataya zoyezazo ulendo wautali ukaposa waufupi ka 10, imayesa mpaka katatu, ndipo imasunga yankho laling'ono. Kumbukiraninso kuti purosesa ikhoza kuchita RDTSC malangizo a patsogolo pake asanathe, ndiye ikani LFENCE patsogolo pake kapena mugwiritse ntchito RDTSCP.

Wotchi yachiwiri ndi PM timer ya ACPI (njira imene firmware imafotokozera kernel za hardware), ya 3.579545 MHz. Port yake ili mu table ya ACPI yotchedwa FADT, ndipo bit 8 ya ma flag a FADT imanena ngati counter ndi ya ma bit 32. Ikapanda kutero ndi ya ma bit 24 ndipo imabwerera pa ziro masekondi 4.69 alionse. Mukachotsera nambala ziwiri, chitani AND ndi 0xFFFFFF, apo ayi tsiku lina mudzapeza liwiro lopanda mutu. Ubwino wake ndi wakuti safuna kuikonza, mumangowerenga, ndipo mukhoza kuyeza kwa sekondi yathunthu.

Yachitatu ndi HPET, ndipo iyi imanena yokha liwiro lake. Adiresi yake ili mu table ya ACPI yotchedwa HPET, kawirikawiri 0xFED00000. Ma bit 63 mpaka 32 a register yoyamba amanena kutalika kwa kugunda kumodzi mu ma femtosecond. Gawani 1,000,000,000,000,000 ndi nambala imeneyo. Mukapeza 69,841,279 ndiye kuti ndi 14.31818 MHz yomwe ija. Nambalayo siyenera kukhala 0 kapena kuposa 100,000,000; ikatero mwina mwawerenga adiresi yolakwika. Ikani bit 0 pa offset 0x10 kuti iyambe kuyenda, counter yake muiwerenge pa 0xF0.

Ife timakonda kuyamba ndi PIT mwachangu kuti kernel ipeze poyambira, kenako n'kuyezanso kwa sekondi imodzi ndi HPET kapena PM timer zinthu zikakhazikika. Linux imachita chimodzimodzi, n'chifukwa chake mu dmesg, mauthenga a kernel, mumaoneka mzere wa tsc kawiri, wachiwiri uli ndi nambala yosiyana pang'ono. Chenjezo lomaliza: makompyuta ena atsopano firmware yake imazimitsa PIT, ndipo makina ena a ACPI alibe PM timer. Loop iliyonse yodikira ikhale ndi malire, kupanda apo kernel idzangoima chilili pa bit imene sidzasintha.

Funso: Liwiro ndalipeza, 3 GHz. Ndimachulukitsa kusiyana kwa TSC ndi 1,000,000,000 n'kugawa ndi liwiro kuti ndipeze ma nanosecond. Zimayenda bwino, koma pakatha masekondi 6 wotchi imabwerera m'mbuyo.

Yankho: Kuchulukitsako kukusefukira. Ma bit 64 amasunga nambala yosaposa pafupifupi 1.84 × 10^19. Mukaigawa ndi biliyoni imene mukuchulukitsayo, malo otsala ndi a kugunda ka 18.4 biliyoni, ndipo pa 3 GHz zimenezo ndi masekondi 6.15 basi.

Njira yosavuta ndi kugawa kaye. Gawani kusiyanako ndi liwiro mupeze masekondi athunthu, kenako zotsala zokhazo muchulukitse ndi biliyoni n'kugawa ndi liwiro. Zotsala sizingapose liwiro, ndiye pa TSC iliyonse yosafika 18 GHz sizisefukira. Koma kugawa kumachedwa, ndipo wotchi imawerengedwa kambirimbiri. Njira imene makernel amatsata ndi kugawa kamodzi kokha poyatsa makina: sunthani biliyoni kumanzere ndi ma bit 32, mugawe ndi liwiro, musunge yankho. Pa 3 GHz ndi 1,431,655,765. Powerenga wotchi mumangochulukitsa ndi nambala imeneyi n'kusunthira kumanja ndi ma bit 32. Kuchulukitsako kuchitike mu ma bit 128; pa x86-64 MUL imaika yankho mu RDX ndi RAX, ndipo GCC ndi Clang ali ndi unsigned __int128.

Funso: Nanga timer ya Local APIC? Ndaika nambala yoti izilira ka 1,000 pa sekondi koma ikulira theka lake.

Yankho: Local APIC ndi mbali yoyendetsa ma interrupt a core iliyonse. Tikukayikira kuti pa register yake yogawira, offset 0x3E0, munasiyapo 0. Pamenepo 0 satanthauza kusagawa, amatanthauza kugawa ndi 2. Kugawa ndi 1 ndi 0xB, kugawa ndi 16 ndi 0x3.

Timer imeneyi siyendera liwiro la TSC. Pa mapurosesa akale imatsata bus, pa Intel zimene zili ndi leaf 0x15 imatsata crystal. Popeza TSC mwaiyeza kale, igwiritseni ntchito ngati muyezo: lembani 0x3 pa 0x3E0, 0xFFFFFFFF pa 0x380, dikirani 10 ms, muwerenge 0x390. Iyi imawerenga chotsika, ndiye muchotsere zimene mwapezazo ku 0xFFFFFFFF. Crystal ya 24 MHz ipereka pafupifupi 15,000, bus ya 100 MHz pafupifupi 62,500.

Ngati bit 24 ya ECX mu leaf 1 ili 1, musadzivute ndi zonsezi. Ikani timer pa mode ya TSC-deadline, ndipo nthawi imene mukufuna interrupt muilembe ngati nambala ya TSC mu MSR 0x6E0. Liwiro loti mudziwe limatsala limodzi lokha. Ngati mukhalabe pa njira yakale, onani bit 2 ya EAX mu leaf 6. Ikakhala 0, timer ikhoza kuima core ikagona tulo tofa nato, interrupt yoidzutsa osabwera.

Funso: Ndimayesera kernel mu QEMU ndi KVM. Ulendo uliwonse ndikayatsa, kuyeza ndi PIT kumandipatsa nambala ina. Komanso bit 8 ija ikuonetsa 0 pamene purosesa yeniyeni ndi yatsopano.

Yankho: Mu virtual machine, makina ongoyerekeza amene QEMU ndi KVM amapanga, PIT yeniyeni mulibe. Mukawerenga port 0x61 purosesa imatuluka kupita kwa hypervisor, pulogalamu yoyendetsa makina ongoyerekezawo, iye n'kuyankha m'malo mwa chip, ndipo ulendo umenewo ndi wautali komanso wosafanana. Kuonjezera apo, kompyuta yeniyeniyo (host) ikhoza kuimitsa makina anu nthawi iliyonse kuti ipatse mpata pulogalamu ina. Zili ngati SMI ija, koma yobwera pafupipafupi.

Musayeze, funsani mwini nyumba. Bit 31 ya ECX mu leaf 1 imanena kuti muli pansi pa hypervisor, ndipo leaf 0x40000000 imapereka dzina lake mu EBX, ECX ndi EDX: KVMKVMKVM, Microsoft Hv kapena VMwareVMware. Pa VMware, EAX ya leaf 0x40000010 ndi liwiro la TSC mu kHz. Pa Hyper-V lili mu MSR 0x40000022, la APIC mu 0x40000023. Pa KVM mumalemba adiresi ya memory yanu mu MSR 0x4B564D01, bit 0 ili 1, ndipo hypervisor imadzazamo tsc_to_system_mul ndi tsc_shift. Sunthani 1,000,000 kumanzere ndi ma bit 32, mugawe ndi tsc_to_system_mul, kenako musunthe ndi tsc_shift: kumanja ikakhala yoposa ziro, kumanzere ikakhala yochepera ziro. Yankho ndi kHz. Muli field ina ya version. Ikakhala nambala yosagawika ndi 2 ndiye kuti hypervisor ili mkati molemba, dikirani muwerengenso, ndipo iyenera kukhala yofanana musanayambe ndi mutamaliza kuwerenga.

Za bit 8 ya leaf 0x80000007 ija ya pa funso loyamba, QEMU imaibisa dala. Makina ongoyerekeza akhoza kusamutsidwa ali moyo kupita pa kompyuta ina ya liwiro lina, ndiye siifuna kulonjeza chimene singakwanitse. Onjezani +invtsc pa -cpu ngati simudzasamutsa.

Funso: Ndalemba stub yangayanga ya Raspberry Pi 3, yoyambira pa EL3. CNTFRQ_EL0 ikundipatsa 0. Ndinayesa kulembamo 1,000,000 kuti masamu aphweke, koma tsopano kudikira kwa sekondi imodzi kukutha m'kuphethira kwa diso.

Yankho: CNTFRQ_EL0 ili ngati chikwangwani cha pamsewu: imanena liwiro, siiyendetsa galimoto. Hardware siidzaza yokha ndipo siiwerenga. Amene amayamba kuthamanga pa exception level (EL, mlingo wa ulamuliro pa purosesa ya Arm) yapamwamba kwambiri, pano EL3, ndi amene amalembamo, kuti obwera pambuyo adziwe. Stub, code yaing'ono yothamanga kernel isanayambe, imene imabwera ndi firmware ya Pi imachita ntchito imeneyi. Inu mutaichotsa munatenganso udindo wake. Counter ya Pi 3 imagunda pa 19.2 MHz kaya mwalembamo chiyani. Mutanena kuti ndi 1 MHz, sekondi yanu inakhala 52 ms.

Lembani 19,200,000 ndi MSR, lamulo la Arm lolembera mu register, mukadali pa EL3, chifukwa mukatsikira ku EL2 kapena EL1 register imeneyi ndi yongowerenga. Lembani pa core iliyonse. Aliyense ali ndi yake, ndipo kuiwala apa kumabala vuto lozunguza mutu, core 0 ikusunga nthawi bwino pamene zinzake zikugawa ndi ziro. Stub yeniyeni imalembanso 0x80000000 pa 0x40000008, prescaler ya timer za ma core, ndiye nanunso muchite chimodzimodzi. Pa Pi 4 liwiro ndi 54 MHz ndipo adiresi ya prescaler ndi 0xFF800008.

Mwamwayi Pi ili ndi mboni yachiwiri, system timer ya Broadcom ya 1 MHz, imene ma bit 32 ake apansi ali pa 0x3F003004 pa Pi 3 ndi 0xFE003004 pa Pi 4. Dikirani igunde ka 100,000 mukuyang'ana CNTPCT_EL0, counter ya Arm ija: iyenera kuyenda pafupifupi 1,920,000 pa Pi 3, kapena 5,400,000 pa Pi 4. Ikani ISB musanawerenge counter, pa chifukwa chomwe chija cha LFENCE.

Kwa amene akulemba kernel yoti iyende pa ma board osiyanasiyana: musaike nambala mu code. Apple M1 ili pa 24 MHz, QEMU kwa zaka zambiri inali pa 62.5 MHz, ndipo kuyambira pa Armv8.6 lamulo ndi 1 GHz. Pa 1 GHz, CNTP_TVAL_EL0, yomwe ndi ya ma bit 32 okhala ndi sign, imangofika masekondi 2.1, gwiritsani ntchito CNTP_CVAL_EL0 ya ma bit 64. Mukaona clock-frequency mu node ya timer ya device tree (fayilo yofotokozera kernel za hardware ya board), nthawi zambiri ndi chigamba cha firmware imene inalemba CNTFRQ molakwika, ndipo Linux imamvera ya mu device tree. Ngati muli pansi pa hypervisor werengani CNTVCT_EL0, imene ndi CNTPCT kuchotsapo CNTVOFF_EL2. Liwiro ndi lomwelo.

Funso: Pa RISC-V ndikusowa register yonga CNTFRQ. Ndawerenga timebase-frequency mu device tree ya QEMU koma ndapeza 2,157,352,960.

Yankho: Register yoteroyo kulibe, ndipo malo mwapeza oyenerawo: timebase-frequency mu node ya /cpus, kapena table ya RHCT pa makina a ACPI. Nambala yanuyo ndi 0x80969800. Tembenuzani ma byte ake mupeza 0x00989680, yomwe ndi 10,000,000, liwiro lenileni la makina a virt a QEMU. Device tree imasunga nambala mu big-endian (byte yaikulu poyamba), purosesa yanu ndi little-endian (byte yaing'ono poyamba). Onaninso kutalika kwa property: ma byte 4 ndi cell imodzi, 8 ndi awiri.

Liwiro limeneli ndi la rdtime ndi mtime, osati la rdcycle, imene imatsata core. Ma board amasiyana kutali: HiFive Unleashed ili pa 1 MHz, FE310 pa 32,768 Hz. Pa RV32 werengani timeh, kenako time, kenako timeh kachiwiri, ndipo ziwiri za timeh zikasiyana bwerezani.

Funso: Ndili ndi board ya STM32F407. Ndakonza SysTick kuti LED iziphethira sekondi iliyonse, koma ikutenga masekondi atatu n'kanthu, ndipo UART ikutulutsa zilembo zosamveka. SystemCoreClock ikunena 168,000,000.

Yankho: SystemCoreClock ndi variable chabe, siyeza kanthu. SystemCoreClockUpdate imawerenga ma register a PLL (mbali yochulukitsa liwiro la crystal) n'kuchulukitsa ndi HSE_VALUE, liwiro la crystal limene munthu analemba mu header. Mafayilo ambiri a F4 amabwera ndi HSE_VALUE ya 25 MHz ndi PLLM ya 25, pamene ma board ngati Discovery ali ndi crystal ya 8 MHz. Zikatero chip imayenda pa 168 kuchulukitsa ndi 8 kugawa ndi 25, kutanthauza 53.76 MHz. Gawani 25 ndi 8 mupeza 3.125, ndiwo masekondi atatu n'kanthu aja, ndipo baud rate nayo yatsika chimodzimodzi. Werengani nambala yodindidwa pa kachitsulo ka crystal, muike HSE_VALUE pa 8,000,000 ndi PLLM pa 8. Mukasintha chimodzi chokha, mwina chip iyenda bwino koma variable izinama, kapena variable inena zoona chip ikuchedwabe.

Mukakonza zimenezo pali misampha ina itatu pafupi pomwepo. Bit 2 ya SYST_CSR ikakhala 0, SysTick ya STM32, timer ya mu core, imatenga liwiro la core (HCLK) logawa ndi 8. Nambala ya reload ndi ya ma bit 24 ndipo mumalemba yochepera ndi 1, monga 167,999 pa 1 ms. Pa 168 MHz malire ake ndi 99.86 ms, choncho sekondi yathunthu singalowemo, muziwerenga ma interrupt. Ndipo ma timer a pa APB amalandira liwiro la bus kuchulukitsa kawiri prescaler ya bus ikakhala yoposa 1: APB1 ili pa 42 MHz koma TIM2 imaona 84 MHz.

Ena amathamangira ku SYST_CALIB pa 0xE000E01C, imene ma bit 24 ake apansi amayenera kunena reload ya 10 ms. Nambalayo anaiika opanga chip poganizira liwiro limodzi, ndipo sisintha inu mukasintha PLL. Kuti muone zoona zake, tulutsani wotchi pa pin ya MCO2, PC9, mutagawa SYSCLK ndi 4, muyeze ndi oscilloscope: muyenera kuona 42 MHz. Ngati mulibe oscilloscope koma board ili ndi crystal ya 32.768 kHz, ilumikizeni mkati ku channel 4 ya TIM5 kudzera mu register ya TIM5_OR, muchite input capture. Pa 84 MHz timer iyenera kugunda pafupifupi ka 2,563 pakati pa kugunda kuwiri kwa crystal yaing'onoyo. Mukapeza cha m'ma 820, PLL yanu ikadali pa 53.76 MHz.